Ekizozi imene ndinagula ku Limbe

Njinga yamoto imene ndimayendetsa sindinagule ndekha. Anagula ndi amalume, alongo awo a mayi anga, atagulitsa soya wa chaka chonse ndi mbuzi zinayi. Inali yogwirapo kale ntchito, ya 150cc, mtundu womwewu umene mumauona pa siteji iliyonse ya kabaza. Tsiku lopereka makiyi sanalankhule zambiri. Anangoti, "Mphwanga, ine kukulipirira fizi chaka ndi chaka sindingathe. Fizi yako ndi iyi. Uisamale." Kuyambira pamenepo ndakhala wophunzira masana, wakabaza m'mamawa, madzulo ndi Loweruka lonse. Lendi ya kachipinda kanga ku Chikanda, ndiwo, mabando a intaneti, kusindikiza ma asayimenti, zonsezi zimatuluka mu injini imeneyi.

Amene sanayendetsepo kabaza amaganiza kuti ndalama imachokera kwa anthu ongokuimitsa pamsewu. Imeneyo imabwera ndithu, koma yodalirika imachokera kwa makasitomala amene ali ndi nambala yako. Ine ndinali nawo angapo. Panali mayi ena ogulitsa mandasi ndi zitumbuwa amene ndinkakawatenga 5 koloko isanakwane, beseni lili pamiyendo, ulendo wa ku msika wa Mpondabwino. Panali namwino wina amene ankandiimbira akaweruka ntchito ya usiku. Panalinso anzanga a pasukulu opita kudepoti ndi zikwama zawo. Anthu amenewa ankandikonda chifukwa cha zinthu ziwiri basi: ndinkasunga nthawi, ndipo sindinkawachititsa mantha pamsewu.

Vuto linayamba ndi manyazi. Njinga yanga inkalira ngati makina osokera. Pa siteji yathu panali mnyamata wina amene njinga yake inkamveka isanaoneke, ndipo akapatsa moto ana ankathamangira kumsewu kukaona. Usiku, m'malo mowerenga, ndinkathera bando poonera mipikisano ya MotoGP pa YouTube, mahedifoni ali m'makutu. Kenako tsiku lina mnzanga wa m'kalasi, mtsikana amene ndinkafunitsitsa kuti azindiona ngati dolo, atatsika pageti ananena moseka kuti, "Aise, njinga yakoyi ndi yaulemu bwanji, ngati ya abusa." Iye mawuwo anaiwala asanafike n'komwe kulaibulale. Ine ndinagona nawo milungu itatu.

Ndinasonkhanitsa ndalama yofanana ndi lendi ya miyezi iwiri n'kukwera minibasi ya ku Limbe. M'sitolo ina ya zipangizo za njinga ndinaipeza itapachikidwa pakhoma: yaifupi, yonenepa, yakuda, kumapeto kwake kukunyezimira mtundu wabuluu ngati chitsulo chopsa. Pambali pake panali kachitsulo kolembedwa dzina la kampani ina yotchuka ya ku Ulaya imene ndinkaiona m'mavidiyo aja. Wogulitsa anandiwerenga nkhope nthawi yomweyo. "Bwana, iyi mukaika, njinga yanu izithamanga ngati 250. Mafuta izimwanso pang'ono chifukwa injini imapuma bwino." Ine, munthu amene ndimalemba mayeso ofuna umboni pa mfundo iliyonse, ndinafunsa funso limodzi lokha: "Imalira bwanji?" Anaimangirira mongoyerekeza pa njinga ina panja n'kuiliza. Mtima wanga unagunda, ndipo ndinalipira osanenerera n'komwe.

Ndiime kaye apa kuti ndifotokoze zimene ndinayenera kudziwa ndisanakwere minibasi ija. Ma ekizozi ogula padera, osakhala amene njinga inabwera nawo, alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba amautcha slip-on: umasintha sailensa yokha, chigawo chakumapeto chija, paipi yochokera ku injini n'kusiya yomweyo. Wachiwiri amati full system, umachotsa zonse kuyambira pa injini mpaka kumapeto. Makampani enieni opanga zinthuzi alipo, ndipo ntchito yawo si yamasewera. Yoshimura inayambitsidwa ku Japan mu 1954 ndi Hideo Yoshimura, ndipo inatchuka ndi ekizozi yolumikiza mapaipi anayi kukhala imodzi. Akrapovič ndi ya ku Slovenia, ndipo anaiyambitsa Igor Akrapovič, yemwenso ankachita nawo mipikisano ya njinga. Ku Italy kuli Arrow, LeoVince ndi SC-Project. Makampani amenewa amapangira ekizozi njinga imodziimodzi, amaiyesa pamakina oyezera mphamvu ya injini, ndipo amagwiritsa ntchito stainless steel, titanium kapena carbon fibre. Ekizozi yonse ya titanium ya njinga zikuluzikulu imatha kudula kuposa njinga yathunthu ya kabaza.

Ndiye taganizani, chinthu chimene ine ndinagula ndi lendi ya miyezi iwiri ya ku Chikanda chikanachokera bwanji ku fakitale zimenezo? Chinali chitini chopakidwa penti, chomatidwa pulasitiki yojambulidwa ngati carbon fibre, dzina lija n'lakuba. Pabokosi panalembedwa kuti imakwana pa njinga iliyonse yokhala ndi paipi ya mamilimita 38 mpaka 51. Nthawi imeneyo mawuwo ndinawaona ngati ubwino. Panopa ndikudziwa kuti ekizozi yokwana pa njinga iliyonse ndiye kuti sinapangidwire njinga ina iliyonse.

Pobwerera ku Zomba ndinakumana ndi vuto loyamba. Ekizozi ya njinga zathu zazing'onozi ndi chinthu chimodzi, paipi ndi sailensa zinawotchereredwa pamodzi ku fakitale. Palibe pomasula kuti uikepo ina. Ndinapita kwa wowotcherera wina, ndipo iye sanachedwe: anatenga gulayinda, anadula paipi pakati, anawotchererapo paipi ina yonenepa yopindikira m'mwamba, n'kulumikiza chitini changa chija. Sailensa yakale, pamodzi ndi chitsulo chake chotchinga kutentha, anaiponya pamulu wa zitsulo pakona. Anandifunsa ngati ndikuifuna. Ndinati ayi, ya ntchito yanji?

Mlungu woyamba ndinali mfumu. Pa siteji anyamata ankandipempha kuti ndiilize. Ndikamalowa pageti anthu ankatembenuka. Ndinkamva ngati njinga yawonjezera liwiro, ndipo ndikanatha kulumbira kuti yawonjezeradi. Khutu limanamiza thupi: phokoso likakula, ubongo umangoti tikuuluka. Mita ya liwiro yokha ndiyo sinagwirizane nane, koma sindinkaiyang'ana.

Mlungu wachiwiri zizindikiro zinayamba. Ndikachepetsa moto potsika mtunda, ekizozi inkaphulika phu! phu! ngati zikhiritsi za pa Khirisimasi. Ndinkaganiza kuti ndi mmene njinga zampikisano zimachitira. Loweruka lina ndinanyamula mlendo wopita ku Ku Chawe, ndipo pamakhotolo amene kale ndinkakwera ndi giya yachitatu, tsopano ndinkatsikira kuyachiwiri, injini ikukuwa koma njinga ikukwawa. Ponyamuka ndi munthu wonenepa kapena thumba la chimanga, ndinkafunika kupatsa moto wambiri kuti isazime. Petulo amene wogulitsa uja anati ndizisunga, ankatha msanga kuposa kale, mwina chifukwa dzanja langa silinkasiya kuliza njinga pachabe kuti anthu amve. Inu nonse mukudziwa tanthauzo la lita imodzi kwa munthu amene wagona pamzere wa mafuta.

Kunyumbanso zinthu zinasintha. A landilodi anandidikirira pakhomo tsiku lina n'kundiuza kuti, "Achimwene, muno muli ana ndi odwala. Njingayi muzikankha mpaka kumsewu musanailize, apo ayi mupeze kwina." Choncho 4 koloko m'mawa ndinkakankha njinga mumdima ngati wakuba. Namwino uja anasiya kundiimbira. Nditakumana naye m'tauni anandiuza mosabisa kuti akaweruka usiku mutu umakhala ukuwawa kale, sangawonjezere wina. Ineyo ndikakhala pansi kuti ndiwerenge, m'makutu munkalira kaphokoso kosalekeza ngati nyenje.

Zonsezi ndinkazipezera zifukwa, mpaka tsiku la Lachinayi lina m'mamawa. Ndinafika ndi mayi a mandasi aja pamsika monga mwa masiku onse. Iwo anazolowera kutsikira mbali ya kumanja, beseni lili m'manja, chifukwa kwa chaka chathunthu mbali imeneyo kunali chitsulo chotchinga, ndipo sailensa inali pansi, kutali ndi mwendo. Yatsopanoyi inali m'mwamba, yopanda chotchinga chilichonse. Katumba ka mwendo wawo kanakhudza paipi. Anakuwa, beseni linagwa, mandasi anamwazika pafumbi. Chitenje chawo chinasungunuka pamene chinagunda paipi, ndipo pamwendo panali chilonda chachikulu ngati chikhatho cha mwana.

Anthu anaunjikana, wina akuti pakani mankhwala otsukira mano, wina akuti dzira laliwisi. Mwamwayi panali mayi wina amene anawakalipira onse n'kuthamangira madzi a pampopi. Pambuyo pake namwino uja ananditsimikizira kuti zimenezo ndiye zoyenera: chilonda chamoto umachithira madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osapakapo china chilichonse, kenako n'kupita kuchipatala. Mayiwo anakana kukweranso njinga yanga, anapita kuchipatala pa njinga ya mnzanga. Anakhala masiku khumi osapita kumsika. Nditapita kukawaona ndi ndalama ya mandasi aja ndi paketi ya shuga, sanandikalipire. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, njinga ija inali bwinobwino. Unaitani?" Ndinasowa choyankha. Ndikanati chiyani, kuti ndinkafuna mtsikana wa m'kalasi asamaitchule ya abusa?

Tsiku lomwelo ndinapita kwa makaniko wina wachikulire amene wakhala akukonza njinga kuyambira ine ndisanabadwe. Anamva phokoso ndili patali ndipo pofika ndinapeza akupukusa mutu. Sananene kanthu. Anadikira injini kuti izizire, anamasula pulagi n'kundionetsa nsonga yake. Inali yoyera ngati phulusa la mbaula. "Ukuona? Pulagi ya injini yathanzi imakhala ngati tiyi wamkaka. Ikada bii ndi mwaye, ndiye kuti petulo wachuluka. Ikayera chonchi, petulo wachepa, mpweya wachuluka, injini ikupsa. Upitirize mwezi wina, valavu ya utsi idzadyeka, ndipo udzabwera kuno ukukankha." Ndinawafunsa kuti, "Nanga madala, ekizozi ikukhudzana bwanji ndi petulo? Si ili kumbuyo?" Anaseka. "Iwe ndiye wa ku yunivesite. Kawerenge, ubwere udzandiuze."

Ndinakawerengadi, ndipo nazi zimene ndinapeza. Injini ya njinga zathuzi imagwira ntchito m'magawo anayi: imakoka mpweya wosakanizana ndi petulo, imaupanikiza, pulagi imayatsa n'kuphulika, kenako utsi umatulutsidwa. Utsiwo sutuluka ngati madzi a pampopi, umatuluka modukizadukiza. Injini ya silinda imodzi ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, imaphulika ka 3,000, kutanthauza kuti utsi umaponyedwa mu paipi ka 50 pa sekondi iliyonse. Chigulu chilichonse cha utsi chikamathamanga mu paipi chimasiya kumbuyo kwake malo opanda mpweya wambiri, ndipo malo amenewo amakoka utsi wotsalira mu silinda n'kuthandizanso kuti mpweya watsopano ulowe. Kuti kukokaku kuchitike, utsi uyenera kuthamanga, komanso uyenera kufika pa nthawi yake. Ndiye chifukwa chake kunenepa ndi kutalika kwa paipi amakuwerengera ku fakitale. Paipi yonenepa kwambiri imachedwetsa utsi injini ikamazungulira pang'onopang'ono, monga mmene madzi amafookera mu payipi yothirira maluwa ukachotsa chala pakamwa pake. Njinga yampikisano ilibe nazo ntchito chifukwa moyo wake wonse imakhala ikukuwa pamwamba. Ya kabaza imadya ndalama yake pansi: ponyamuka, pamtunda, ndi katundu. Mphamvu yokoka imene wowotcherera uja anaidula ndi gulayinda ndi imene inkandilipirira fizi.

Nkhani ya petulo ili chonchi. Kuti petulo apse bwino amafuna magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Njinga zamakono zokhala ndi kompyuta zimatha kudziyeza n'kusintha pang'ono pazokha. Zathu zambiri zili ndi kabuleta, ndipo kabuleta ilibe nzeru: imatulutsa petulo kudzera pa tizibowo ta majeti amene anasankhidwa molingana ndi ekizozi yakale. Ukasintha mmene injini imapumira koma majeti n'kusiya omwewo, muyezo umasokonekera, ndipo kawirikawiri petulo ndiye amachepa. Injini yotere imatentha kwambiri, pamene zathuzi zilibe madzi oziziritsira, zimangodalira mphepo ndi oilo. Onjezanipo kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amafuna mpweya wochepa kuposa petulo. Ndiye kuti mpata wolakwitsa ndi wochepa kale. Kuphulika kuja potsika mtunda kunali chizindikiro cha zomwezi, komanso mpweya unkalowera pamalo owotcherera molakwika.

Nanga liwiro lija anandilonjeza? Njinga ya 150cc ya mtundu wa kabaza imakhala ndi horsepower pafupifupi 12. Tiyerekeze kuti mwapeza ekizozi yabwino zedi, mwasintha majeti molondola, mphamvu yawonjezeka ndi 5 peresenti. Pa 12, imeneyo ndi 0.6 basi. Kupopa matayala bwino, kutsuka sefa ya mpweya ndi kumanga tcheni moyenera kungakupatseni kusintha kooneka kuposa pamenepo, ndipo mtengo wake sufika ngakhale pa nsima ya mlungu umodzi.

Kaphokoso ka nyenje kaja nako ndinakafufuza. Phokoso amaliyeza ndi ma decibel, ndipo muyezowu sukwera ngati masitepe ofanana. Bungwe la ku America loona za umoyo wa anthu pantchito, la NIOSH, limati munthu asapitirire maola 8 patsiku ali pa phokoso la ma decibel 85, ndipo pa ma decibel atatu aliwonse owonjezera, nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola awiri, pa 94 ola limodzi, pa 100 mphindi 15 zokha. Ndinayeza njinga yanga ndi pulogalamu ya pafoni, imene si chipangizo cholondola kwenikweni, koma pafupi ndi ekizozi inkadutsa 100 ndikapatsa moto. Ine ndinkakhala pamenepo maola asanu patsiku, kasitomala ali pafupi nayo kuposa ine. Timaselo ta mkati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso. Wophunzira amene akuwononga makutu ake kuti apeze fizi akulipira kawiri.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukuganiza, chifukwa nanenso ndinkazinena pa siteji: phokoso limapulumutsa moyo, woyendetsa galimoto akakumva sangakugunde. Mfundoyi imamveka bwino mpaka utaganiza kumene ekizozi imaloza. Imaloza kumbuyo. Amene amamva kwambiri ndi amene wawadutsa kale, ndi amene ali m'nyumba zawo akufuna kugona. Mu 1981 Harry Hurt wa pa University of Southern California anatulutsa kafukufuku wa ngozi 900 za njinga zamoto ku Los Angeles. Anapeza kuti zinthu zoopsa zoposa zitatu mwa zinayi zilizonse zinachokera kutsogolo kwa woyendetsa njinga, ndipo nthawi zambiri inali galimoto yokhota kapena kulowa mumsewu dalaivala asanaione njingayo. Misewu ya Los Angeles si ya Zomba, ndikuvomera. Koma minibasi imene ikutulukira pa siteji wailesi ili pamwamba, ikuona nyali yako ndi jekete yowala isanamve ekizozi yako. Kwa anthu oyenda pansi mumsika, njinga ili ndi hutala, ndipo hutala imalira pamene ukuifuna pokha.

Amalume anamva nkhaniyi ine ndisanawauze, poti mbiri imayenda kuposa njinga. Anandiimbira foni Lamlungu madzulo. Sanakweze mawu. "Mphwanga, ndamva kuti njinga ija yayamba kuimba." Ndinayesa kufotokoza za titanium ndi zina, koma anandidula. "Ine za zitsulozo sindizidziwa. Ndingokufunsa: mbuzi zija ndinagulitsa kuti njinga iziimba, kapena kuti iwe umalize sukulu? Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika." Anadula foni asanatsanzike, chinthu chimene sanachitepo.

M'mawa mwake ndinathamangira kwa wowotcherera uja kukafuna sailensa yakale. Anali ataigulitsa kale kwa ogula zitsulo zakutha. Ndinakongola ndalama kwa mnzanga, ndipo ulendo uno ndinawapempha makaniko achikulire aja kuti tipite limodzi kukagula ina. Yochokera ku kampani yopanga njingayo inali yodula kuposa thumba langa. Tinasankha pakati pa zogula padera zomwezo, koma zopangidwa motengera yakale, ndipo mmene iwo anasankhira ndi phunziro limene ndikufuna ndikusiyireni.

Anayamba ndi kuyeza kamwa la paipi ndi mabowo a mabawuti, kuti zigwirizane ndi injini popanda kudula kapena kupinda chilichonse. Anaona ngati chogwirira chakumbuyo chikufika pamalo ake pa felemu, chifukwa ekizozi yolendewera pa injini pokha imathyola mabawuti pamsewu wa mabampu. Kenako anaikweza m'manja. Imodzi anaibweza pomwepo: "Yapepuka kwambiri, chitsulo chake n'chopyapyala, mvula imodzi dzimbiri lalowa." Ina anaigwedeza pafupi ndi khutu, inalira gwedegwede mkati, anaibwezanso. Yachitatu anaunikamo ndi tochi ya foni yanga. "Ukaona kuwala kukutulukira mbali inayo, dziwa kuti mulibe zipinda, ndi paipi chabe. Sailensa yeniyeni imazunguliritsa utsi m'zipinda kuti phokoso lifere momwemo." Pomaliza anagwira chitsulo chotchinga kutentha, kuona ngati chamangidwa ndi mabawuti, ngati pali mpata pakati pa icho ndi sailensa, ndiponso ngati chikuphimba pamene phazi la wokwera limafika. Anandigulitsanso gasiketi yatsopano, kamkombero kaja kokhala pakati pa paipi ndi injini, chifukwa yakale ikaphwanyika kamodzi siitsekanso bwino. Titaimanga anathira oilo watsopano, anandituma kuti ndiyende makilomita angapo, n'kumasulanso pulagi. Patapita masiku ochepa inayamba kubwerera ku mtundu wa tiyi uja.

Musandimve ngati ndikuti ekizozi iliyonse yogula padera ndi yoipa. Yakale imatha kuboola ndi dzimbiri, ndipo pamenepo kugula ina si chibwana. Ndipo ngati tsiku lina mudzapeza ntchito yabwino n'kugula njinga yaikulu yoyendera Loweruka, ekizozi yeniyeni yopangidwira njinga imeneyo ikhoza kuipeputsa ndi makilogalamu angapo n'kuipatsa mawu okoma. Koma mudzawerengere mtengo wosintha majeti kapena kukonza kompyuta ya injini ngati gawo la mtengo wa ekizoziyo. Mudzafunse ngati ili ndi kachitsulo kochepetsa phokoso kamene amati dB killer, ndipo mudzakasiye momwemo. Mudzakayikire dzina lotchuka pamtengo wa kaunjika. Ndipo chonde, yakale musadzaidule kapena kuitaya, kaisungeni pansi pa bedi.

Chimene chimandipweteka ndikakumbukira n'chakuti ndinali ndi zonse zofunika kuti ndisalakwitse. Ndinali ndi intaneti m'thumba, laibulale pafupi, makaniko wodziwa pamtunda wa mphindi khumi. Mafunso onse amene ndinafufuza pambuyo pa ngozi ndikanatha kuwafufuza usiku umodzi ndisanapite ku Limbe. Sindinatero chifukwa ndinkadziwa kuti yankho lake lindiletsa kugula. Ife ophunzira timachita zimenezi kawirikawiri, pa foni yodula yogula ndi ndalama ya loni, pa laputopu yosankhira maonekedwe, ndipo amene amalipira nthawi zambiri ndi munthu wina amene anagulitsa mbuzi kumudzi. Pa nkhani yangayi analipiranso mayi amene sanafunsidwe n'komwe.

A landilodi anasiya kundidikirira pakhomo. Namwino uja anayambanso kuimba. Kaphokoso ka m'makutu kanachepa, ngakhale usiku kukakhala zii kamabwerabe. Mayi a mandasi anatenga mwezi ndi theka asanandiimbire. Tsiku limene ndinakawatenganso anazungulira njinga yonse, anagwira chitsulo chotchinga chija ndi nsonga ya chala, kenako anakwera. Pamsika anatsikira kumanzere, ndipo mpaka lero amatsikira komweko. Chipsera chili pamwendo wawo.

Chitini cha ku Limbe chija chili pamsomali m'chipinda mwanga. Mlungu watha mnyamata wina wa chaka choyamba, amene bambo ake angomugulira njinga, anachiona n'kundipempha kuti ndimugulitse pa theka la mtengo. Ngongole ya mnzanga uja sindinamalize kubweza, ndiye musaganize kuti sindinayesedwe. Ndinamuuza kuti adikire kaye ndilembe nkhaniyi, aiwerenge mpaka kumapeto, ndipo Loweruka m'mamawa ndimutenge tikadye mandasi ku Mpondabwino. Akadzafunabe pambuyo pake, tidzakambirana.